Uthenga wa ku Nyakatare

A Zabuloni Ndyanabo ndinawadziwa ndili mwana, akulima mbatatesi m'munda wa bambo anga pa phiri loyang'anizana ndi nkhalango ya Bwindi. Iwo anali Mutwa, wa mtundu wa Abatwa, ife mtundu wathu ndi Abakiga. Ankafika m'mamawa n'kulima ndi khasu lathu mpaka dzuwa litapendeka, malipiro ake kambale ka nyemba ndi mapira a m'chipewa. Amayi anga, munthu wosajomba kutchalitchi, anali ndi kapu yothyoka chogwirira imene inkakhala pamwala kuseri kwa khitchini, yomwera Abatwa okhaokha. Ndinakula ndikuiona kapu imeneyo, ndipo sindinafunsepo ngakhale tsiku limodzi chifukwa chake inkagona panja. Lero ndikaikumbukira ndimachita manyazi.

A Ndyanabo anabadwira m'nkhalangomo, anakuliramo, anakwatiriramo. Ali ndi zaka za m'ma 30, boma linalamula kuti nkhalango yonse ikhale ya nyama, makamaka agorila amene anali atatsala pang'ono kutha, ndipo Abatwa anatulutsidwa chimanjamanja, opanda munda woti akayambirepo. Patapita zaka, a mpingo anawagulira kamtunda ka miyala m'mphepete mwa nkhalango. Kumeneko n'kumene a Ndyanabo ankakhala ndi mlongo wawo wamkulu, a Merabu, amene anali atachita khungu. Mkazi wawo anali atamwalira, ana otsala atabalalikira ku tauni ya Kabale kukafuna maganyu. Nkhalango ankaiona tsiku lililonse akatuluka pakhomo, koma kulowamo kunali kudziitanira unyolo.

Sanali munthu wofatsa ayi. Anali wamfupi, wamatewe, wosasunga mawu m'kamwa. Agorila akatuluka kudzaswa nthochi m'minda ya anthu, iwo ndiwo ankatsogolera gulu la ongodzipereka lokawabweza ndi ng'oma ndi zitini. Eni minda akamatukwana nyamazo, a Ndyanabo ankawadula pakamwa.

"Musazitukwane. Izi zili ndi boma kumbuyo kwake. Inuyo muli ndi ndani?"

Chaka chimene ndikunenachi n'kuti ndili mphunzitsi wa sayansi pa pulayimale ya kwathu. Kunabwera uthenga woti kukhala kalembera wa agorila, ndipo ankafuna anthu a m'midzi ongodzipereka, ena odziwa kulemba, ena odziwa tchire. Malipiro kunalibe, kupatula chakudya, majombo ndi jekete la mvula. Inali nthawi ya tchuthi, ndiye ndinalembetsa, ndipo anandipatsa pepala loti ndilembeponso ena a m'dera lathu. Nditabwerera kunyumba ndinapeza a Ndyanabo atakhala pakhonde panga.

"Aphunzitsi, mundilembe."

"Madala, amenewa ndi masabata awiri m'mapiri. Mawondo amenewo alola?"

"Mawondo anga mukuyendera ndinu? Lembani basi. Ndipo mundiike gulu limene lidzatsikire ku Nyakatare."

Dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo. M'mawa mwake ndinabwereka mapu a kalemberayo n'kuwayala pansi. A Ndyanabo sankadziwa kuwerenga, koma nditawaonetsa pamene pali mudzi wathu anayamba kutsata mitsinje ndi chala, akuitchula mayina amene pa pepalapo panalibe. Chalacho chinakaima pa chigwa chopanda dzina, m'bokosi lolembedwa 41. Bokosi limenelo linali la gulu la Dokotala Kyarisiima, mayi wina wa zanyama, ndipo ndandanda inkati gululo lidzafikamo tsiku lachisanu ndi chinayi. Ndinalemba mayina athu awiri pansi pa gulu limenelo.

Chifukwa chake sanandiuze iwo. Ndinachimva kwa a Merabu, tsiku limene ndinapita kukasiya majombo. Ndinawapeza atakhala pakhomo akusenda nthochi zaziwisi, mpeni ukuyenda wokha m'manja.

"Ndinu mwana wa a Besigomwe? Mawuwo ndi a bambo anu enieni. Khalani pansi ndikuuzeni chimene mwana uyu akupitira, chifukwa iyeyu sanena."

Mwana ankanenedwayo anali ndi imvi mutu wonse.

Bambo awo anamwalirira ku Nyakatare mvula itangoyamba. Anawagoneka pakati pa mizu ya mkuyu waukulu, n'kuwafunditsa masamba, banja lonse n'kusamuka monga ankachitira pakagwa maliro. Mwambo wa banja lawo unali woti mvula ikatha, mwana wamwamuna abwerere, akhale pansi pa mtengowo, n'kuwauza malemuwo kumene ana awo akamanga misasa, kuti asamavutike kuwafunafuna. Koma mvula ya chaka chimenecho isanathe, kunabwera anthu a mfuti kudzawatulutsa.

"Zaka 27," anatero a Merabu. "Bambo sadziwa kumene tili. Akuyesa tinawathawa. Ine maso anatha, masiku anganso atha, ndikakawapeza ndikawayankha chiyani? Iwe Zabuloni, ukumva? Ukawauze kuti sitinawathawe, anachita kutitulutsa. Uwauze kuti tili kuseri kwa phiri, kolowera dzuwa, pafupi ndi tchalitchi cha malata."

"Ndamva, achemwali. Mwanena kakhumi."

"Ndinenanso kakhumi. Makutu ako ndimawadziwa ine."

Dokotala Kyarisiima anali mayi wochepa thupi, wosakweza mawu, koma akalankhula ngakhale asilikali a nkhalango ankasiya kutafuna. Tisanalowe anatiuza kuti agorila amene tikukawerengawo sanazolowere anthu, choncho sitikawaona ndipo sitikawafuna. Tikawerenga zisa. Gorila wamkulu aliyense amapinda nthambi ndi masamba n'kugonapo usiku umodzi, m'mawa n'kusiyapo ndowe. Ntchito yathu inali kupeza njira yawo, kuitsata mpaka pa zisa, kuziwerenga, kuyeza ndowezo ndi kutapako pang'ono m'timabotolo. Kenako ananena lamulo limene analiika pamwamba pa onse.

"Chimfine chimene inu mumachiza ndi tiyi wa mandimu chimatha kupululutsa banja lonse la agorila. Amene ayambe kutsokomola anene, ndipo tsiku lomwelo atuluka m'nkhalango. Pamenepa sindikambirana ndi munthu."

M'mawa uliwonse ankatifunsa mmodzimmodzi za m'thupi, ndipo wolemba mayankho m'buku anali ine.

Tinalowa anthu asanu ndi atatu, kuphatikizapo asilikali awiri. Tsiku loyamba a Ndyanabo anayenda mpaka masana osatulutsa mawu, ine n'kumaganiza kuti phiri lawakanika. Kenako anayamba kung'ung'udza, ndipo nditayandikira ndinamva kuti akutchula mitengo mayina, umodziumodzi, ngati munthu wopereka moni pa maliro. Madzulo ake anzanga Abakiga anasankhana awiriawiri mwachangu, tenti yotsala n'kukhala ya ine ndi a Ndyanabo. Sindingadzitame kuti ndinachita kufuna. Ndinangochedwa kumasula katundu.

Pofika tsiku lachitatu tonse tinali titadziwa amene akutitsogolera. Kamakina kathu kosonyeza malo kankataya mutu tikalowa pansi pa mitengo yowirira, iwo n'kumaseka.

"Kasocheranso? Kauzeni kazinditsata."

Ankatola phesi lotafunidwa, kulinunkhiza, n'kunena kuti adutsa dzulo masana, ndi asanu ndi mmodzi, wina akutsimphina. Tikakafika pa zisa tinkapeza zisanu ndi chimodzi. Ine ndinkagwada m'matope, magolovesi m'manja, nsalu pakamwa, ndikuyeza ndowe ndi rula. Iwo ankaima pambali, manja m'chiuno.

"Aphunzitsi, sukulu yonse ija, ma tayi aja, kunali kuphunzira kuyeza manyi?"

"Ndi sayansi imeneyi, madala."

"Ehe. Bambo anu akanadziwa akanangogula mbuzi."

Tinkakwera mapiri ogwira ndi manja omwe, kutsetsereka ndi matako, kuyabwidwa ndi masamba, kulumidwa ndi linthumbu. Chakudya chinali posho, nsima ya kwathu kuno, ndi nyemba m'mawa, posho ndi nyemba madzulo. Anyamata amphamvu ankadandaula, koma nkhalamba ija inkaoneka ngati ikucheperako zaka tsiku ndi tsiku. Sindinaonepo munthu wokondwa mwakachetechete chonchija, ndipo ndinayamba kuwakonda.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mvula inatipeza tikuwoloka dambo, ndipo inatikwapula mpaka madzulo. Tinagona zovala zili chinyontho. M'mawa mwake tili pa ulendo, ndinaona kuti a Ndyanabo akutsalira kawirikawiri ngati munthu wotsegula m'mimba. Ulendo wachitatu ndinawatsatira. Ndinawapeza kuseri kwa mtengo, atapanikiza chipewa pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Madala, chimenecho n'chifuwa."

"N'fodya wakale uyu."

"Fodya munasiya mayi a kunyumba atamwalira. Mudzi wonse ukudziwa."

Anapukuta misozi ya chifuwacho ndi mkono n'kundiyang'ana.

"Lero n'lachingati, Aphunzitsi?"

"Lachisanu ndi chiwiri."

"Mawa, mkuja. Masiku awiri okha. Ine ndadikira zaka 27, inu simungadikire masiku awiri? Ndikangofika, ndilankhule ndi bambo, basi. Kenako mundimange chingwe m'khosi ngati mbuzi, mundikoke mpaka kumudzi, sindikana."

"Adokotala akadziwa atithamangitsa tonse."

"Adziwa bwanji? Buku lili ndi inu."

Ndine mphunzitsi wa sayansi. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chifuwa chingachite, ndinali nditachiphunzitsa ana m'kalasi. Koma ndinadziuza kuti nkhalango ndi yaikulu, agorila sitikumana nawo, bokosi 41 mwina mulibe ndi mmodzi yemwe. Munthu akafuna kuchita chinthu, zifukwa sizisowa. M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chitatu Adokotala anafunsa, a Ndyanabo anayankha kuti ali bwino, atameza mate, ine ndinalemba kuti ali bwino. M'mawa wotsatira ndinalembanso chimodzimodzi. Ankatafuna makungwa ena owawa amene ankachigoneka chifuwacho kwa kanthawi, ndipo chikadzuka ine ndinkayamba kukhapa tchire mwaphokoso ndi chikwanje.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, dzuwa lisanakwere kwenikweni, tinafika pamwamba pa mtunda wautali. Nkhungu inali ikunyamuka, ndipo kumunsi kwathu kunatseguka chigwa chakuya chodzaza mitengo. A Ndyanabo anaima. Sanaloze ndi chala, anangotukula chibwano.

"Uko," anandinong'oneza. "Dzuwa lisanafike pamutu ndikhala nditakhala pansi ndi bambo."

Tisanayende mapazi zana, msilikali wa kutsogolo anakweza dzanja. Tchire linali logonekedwa, mapesi osendedwa ali mbwee, fungo la agorila lili tolo. Zisa zinali pomwepo, zisanu ndi zinayi, za usiku womwewo. Chachikulu chinali ndi ubweya woyera wa tonde, gorila wamphongo wotsogolera banjalo. Adokotala anagwada pa chisa china n'kutikodola tonse. Pambali pa ndowe za mayi panali tina tating'ono, tosaposa chala chachikulu cha kumanja.

"Khanda," ananong'ona, nkhope ikuwala. Kwa masiku onse aja tinali tisanapeze ndi limodzi lomwe. "Silinakwane zaka ziwiri ili. Likugonabe ndi amake."

Ndowezo zinali zisanazizire. Njira yawo inkatsika molunjika m'chigwa, ndipo tili chiimire tinamva kumunsi tonde uja akudziguguda pachifuwa. Adokotala anati tidikire ola limodzi kuti atalikire, kenako titsike pambuyo pawo. Anatinso tisamale kwambiri potsokomola kapena kulavula, chifukwa chigwacho chili ndi chakudya chambiri, banjalo likhalamo masiku, likudya masamba a m'njira zomwezo zimene ife tidutse.

A Ndyanabo ananjuta pafupi ndi chisa chija nthawi yaitali, manja atawapana m'khwapa. Kenako anadzuka, anaponya kaudzu m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikupita, n'kuyenda mapazi ngati makumi awiri kulowera komweko, kubwerera kumene tinachokera. Atafika anatembenuka kutiyang'ana, n'kutsokomola. Sanabise ndi chipewa. Chinali chifuwa cha masiku atatu chimene chinatsekeredwa, ndipo chinawapinda pakati.



"Chayamba liti?" anafunsa Adokotala.

"Dzana, mayi."

"Dzana!" Anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, buku lanu likuti chiyani?"



"Asiyeni aphunzitsi," anatero a Ndyanabo. "Ndinawapempha ndine. Mtima wawo ndi wa phala, ndinadziwa kuti sakana."

"Mwagwira chiyani pano?"

"Palibe. Manja anali m'khwapa."

"Ndiye mwabisa masiku awiri, mwandinamiza m'maso muli gwa, lero mwaululiranji?"

Anayang'ana ku chisa chija.

"Chaka chimene tinatuluka, ana anga awiri anatenga chifuwa cha kumudzi kwanu. Ana a Abakiga ankatsokomola uku akusewera mpira. Anga anagona Lachiwiri, Loweruka tinaika onse awiri. Wamng'onoyo ankagonabe ndi amake, ngati uyu. Mwana wa m'nkhalango sachidziwa chifuwa cha kunja, Adokotala. Ine ndimayesa tipeza chigwa chopanda munthu."

Anati chopanda munthu, ndipo palibe anawakonza. Ine ndinalephera kudzigwira. Ndinawauza Adokotala zonse, za mkuyu, za a Merabu, za zaka 27. Ndinapempha kuti awalole atsike ndi njira ina, atamanga nsalu ziwiri pakamwa, akhale mphindi zisanu zokha. Mayi uja anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anayang'ana m'chigwa, anayang'ana nkhalamba ija, ndipo ndinaona kuti mkwiyo wawathera, kwatsala chinthu cholemera kuposa mkwiyo.

"Bambo Ndyanabo, sindingathe."

"Sindinakupempheni, mayi. Akupemphayo ndi aphunzitsi."

Anasankha msilikali mmodzi woti awaperekeze mpaka kumalire, ulendo wa masiku awiri. Asananyamuke, a Ndyanabo anandiitana, ndipo ndinaima patali monga mwa lamulo.

"Mupite ndinu. Ndi mkuyu waukulu, pansi pa thanthwe loyera, pafupi ndi kamtsinje. Simungauphonye. Mukakhale pansi, musakaime ngati wapolisi. Mukanene kuti mwatumidwa ndi Zabuloni ndi Merabu. Mawuwo munawamva."

"Ndinawamva, madala."

"Achemwali ndikawauza kuti ndatuma inu."

Ananyamula kathumba kawo n'kuyamba kukwera. Sanacheuke kuyang'ana chigwacho. Ndinamva chifuwa chawo chikutalikira mpaka mitengo inachimeza.

M'chigwa cha Nyakatare tinakhalamo masiku awiri. Munthu wobadwira m'nkhalango akati simungauphonye, amaiwala kuti akulankhula ndi munthu wa maso a pamsewu. Mikuyu yaikulu ndinaiwerenga mpaka 30 n'kuleka. Timitsinje tinalipo tinayi. Matanthwe onse anali obiriwira ndi ndere, ndipo mbali ina phiri linali litagumuka kalekale n'kukwirira chilichonse. Ntchito nayo sinkadikira: tinayenera kupeza zisa za mausiku atatu a banja lija, ndipo buku la zaumoyo anali atandilanda, n'kundisiyira timabotolo. Adokotala, osanena chifukwa, anandipatsa maola awiri tsiku lachiwiri masana, ndi msilikali wotsalayo. Tinazungulira, ndikupala ndere pa matanthwe ndi chikwanje, osapeza loyera.

Chimene chimandipweteka si kulephera kuupeza mtengowo. Ndikanatha kukhala pansi paliponse m'chigwamo n'kunena mawu aja, mwina mwini wake akanamva. Koma msilikali anali pambali panga, ndipo ndinachita manyazi kuti mphunzitsi wa sayansi, mkulu wa kwaya, aoneke akulankhula ndi mitengo. Ndinati ndinena mawa ndikakhala ndekha. Mawa lake tinadzuka ndi mvula, tinapasula matenti mothamanga, ndipo pamene ndinkakumbukira n'kuti tili pamwamba pa mtunda wina, chigwa chili m'nkhungu kumbuyo.

Kalembera wina anali zaka zisanu kutsogolo. Ndinkadziwa kuti pofika nthawiyo mawondo a a Ndyanabo sadzakweranso mapiri amene aja, ndipo a Merabu sadzakhalapo kuti amve yankho. Ulendo wonse wobwerera ndinkakonza zoti ndikanene.

Ndinapita kwawo tsiku lotsatira nditafika. Ndinawapeza a Ndyanabo kumunda kwawo kwa miyala, kumunsi kwa nyumba, akupalira nyemba. Chifuwa chinali chitapola. Chinali chimfine wamba, cha sabata imodzi.

"Mwabwerako, Aphunzitsi? Manyi onse mwayeza?"

"Tayeza, madala."

"Khanda lija?"

"Tinapezanso ndowe zake pa zisa za usiku wotsatira. Lili bwino."

Anagwedeza mutu, n'kutsamira khasu. Sanafunse funso linalo, anangodikira.

"Ndinaupeza," ndinatero. "Mkuyu waukulu, pansi pa thanthwe loyera. Ndinakhala pansi, ndinanena zonse."

"Ehe. Mutakhala pansi, msana mutatsamira mtengo, kamtsinje kanali mbali iti?"

"Kumanja."

"Madzi ake munamwako?"

"Ndinamwako. Ozizira bwino."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya.

"Kamtsinje kamene kaja sikaoneka, Aphunzitsi. Kamayenda pansi pa miyala, umangokamva. Bodza silikukhalani. Bambo anunso linkawavuta."

Ndinakhala pa mwala n'kuwauza zoona zake zonse, mpaka za manyazi anga pamaso pa msilikali. Ndinkayembekeza lilime lawo lija, ndipo ndikanalilandira. Koma anangokhala pansi pafupi nane, kuyang'ana nkhalango imene inali pamaso pathu tsidya la chigwa.

"Kulakwa ndi kwanga," anatero. "Ndinakutumani ngati ndikutuma Mutwa. Achemwali akhala akufunsa m'mawa ndi madzulo ngati mwabwera. Kudya asiya, akungomwa phala. Akudikira inu."

"Ndikawauza zoona, madala. Ndikapepesa."

"Mukapepesa kuti atani nako kupepesako? Ayi. Bodza lanu lija mukawauze iwowo. Koma osati mmene mwandiuzira ine, angakugwireni musanamalize. Maso alibe, koma malo aja akuwaona kuposa ine. Khalani bwino ndikuphunzitseni."

Anathyola kamtengo n'kuyamba kujambula pa dothi pakati pa mizere ya nyemba. Anandiuza kuti potsika umasiya mathithi kumanzere. Thanthwelo si loyera lonse, ndi loyera kunsi kokha kumene mvula sifika, ndipo pamafunika kuwerama kuti uone. Mkuyuwo uli ndi mizu itatu yotambalala ngati zipupa, wapakati ndi wobowoka moti mwana amatha kudutsamo, ndipo a Merabu ankabisalamo ali kamtsikana. Bambo awo anagonekedwa pakati pa muzu wobowokawo ndi wa kotulukira dzuwa. Anandibwerezetsa katatu, akundikonza ngati mwana wa sitandade wani. Pamene tinkamaliza ndinkawadziwa malowo moti ndikanatha kupitako ndi maso otseka, ndipo ndinakumbuka kuti mathithi amenewo ndinawadutsa tsiku lachiwiri lija, ndikuthamangira kubwerera ku matenti.

"Tiyeni," anatero, akufufuta chojambulacho ndi phazi.

A Merabu anali m'nyumba, atagona pamphasa, atafunda bulangete ngakhale kunali dzuwa. Atamva mapazi anadzuka n'kukhala tsonga.

"Ndi mwana wa a Besigomwe?"

"Ndine, mayi."

"Yandikirani. Nenani."

Ndinagwada pafupi nawo n'kunena. Ndinanena za mathithi, za thanthwe loyera kunsi, za madzi omveka pansi pa miyala. Nditatchula muzu wobowoka anaseka kaphwete kakang'ono, n'kugwira pakamwa.

"Ukadalipo?"

"Ukadalipo, mayi."

"Munakhala pansi?"

"Ndinakhala pansi."

"Munati chiyani? Nenani mmene munanenera."

A Ndyanabo anali ataima pakhomo, atatipatsa msana. Mawu amene ndinalephera kuwanena m'chigwa ndinawanena m'kanyumba kamdima kaja, mokweza, kwa nthawi yoyamba.

"Ndatumidwa ndi Zabuloni ndi Merabu. Akuti sanakuthaweni, anachita kuwatulutsa. Ali kuseri kwa phiri, kolowera dzuwa, pafupi ndi tchalitchi cha malata."

A Merabu anapapasa m'mwamba mpaka anapeza manja anga.

"Mtengowo munaugwira ndi manja amenewa?"

"Eya, mayi."

Anawatembenuza, zikhatho m'mwamba, n'kuikamo nkhope yawo. Anakhala choncho nthawi yaitali, ndipo ndinamva zikhatho zanga zikunyowa. Sindinawachotse. Kenako anadzutsa mutu n'kuitana mlongo wawo.

"Iwe Zabuloni, waima pamenepo ngati mlendo bwanji? Pita ukaphike nyemba. Ndili ndi njala."